Gulu la Banja: Za Kupuma Ntchito kwa Malume a ku Zomba

Achemwali Aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Monga mukudziwa, malume akupuma ntchito ku yunivesite kumapeto kwa mwezi wa mawa. Tinagwirizana K30,000 aliyense ya phwando, ndipo omwe mwatumiza kale pa Airtel Money ndakulembani. Koma pabwera nkhani ina. Mlamu, fotokozani.

Mlamu (Zomba): Zikomo alamu. Ndinawayendera Lamlungu. Pabalaza pali makatoni anayi a makope, ena mapepala ake anachita kufiira ndi kukhalitsa. Ndi buku la biology lomwe akhala akulemba zaka zonsezi. Ananditsegulira tsamba lina, pali chithunzi cha temba chojambula ndi pensulo, mamba ake atawawerenga limodzilimodzi ndi kulemba manambala m'mbali. Buku linatha. Chasowa ndi ndalama yosindikizira.

Achimwene (Johannesburg): Koma mabuku a biology si alipo kale ambirimbiri?

Mdzukulu (Mphunzitsi): Alipo ankolo, koma ambiri omwe tinkapeza ku laibulale zitsanzo zake ndi nsomba ndi mitengo yakunja. La agogo likukamba za Nyanja ya Chilwa. Nyanja ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, madzi ake ndi amchere pang'ono. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995. Nsomba zotsala zimabisala m'madambo ndi m'mitsinje ngati Likangala ndi Domasi, madzi akabwerera matemba, makumba ndi milamba n'kuyambanso kuswana. Ana anga a Form 3 amadya matemba tsiku ndi tsiku, koma zimenezi sanaziwerengepo m'buku.

Amayi: Ana inu, mwandikumbutsa kutali. Chaka cha 1995 chija alongo angawa ankalawirira ku Kachulu, madzulo n'kubwera matope mpaka m'maondo, mabotolo a madzi ali m'chikwama. Anthu ankati munthu wophunzira chonchi akufunanji m'thope. M'mawa kalasi, masana kukapima madzi aja, usiku kulemba ndi nyali magetsi akathima. Fizi ya ambiri a inu inachokera m'thukuta limenelo.

Achimwene (Johannesburg): Ndamva amayi. Ine ndiwonjezera K100,000, ipite ku buku.

Azakhali (Mzuzu): Buku ndi labwino, koma phwando lisafe ayi. Munthu anayamba pomwe sukulu ija inkatchedwa Chancellor College, wafika mpaka pano pomwe dzina linasintha mu 2021, ndiye angotuluka chetechete? Ophunzira awo akale adzafuna kubwera.

Achemwali Aakulu: Silifa azakhali. Tingosiya zolipira holo, tichitire pakhomo pawo pansi pa mango paja. Mbuzi imodzi, nkhuku khumi, mpunga. Yotsala yonse ipite ku buku.

Amayi: Mbuzi nditulutsa ine m'khola.

Mdzukulu (Mphunzitsi): Makope aja ndi olemba pamanja. Tikatsekera sukulu ndidzawalemba pa kompyuta, zithunzi tidzachita scan. Koma maina a sayansi a nsomba agogo adzawaonenso okha, chilembo chimodzi chikalakwika dzina lonse lawonongeka. Ndipo anzawo awiri a ntchito yomweyi aliwerenge kaye lisanapite kosindikiza, ndi mmene mabuku otere amayendera.

Azakhali (Mzuzu): Nanga eni ake mwawafunsa? Tisamapange za buku la munthu iye asakudziwa.

Mlamu (Zomba): Sindinawauze kanthu. Ndimati akulu ndiwo ayambe.

Amayi: Ndiwaimbira ndekha usiku uno akatha kudya.

Achemwali Aakulu: Chabwino. Akavomera, Lolemba ndikafunsa mitengo kwa osindikiza awiri ku Blantyre. Mlamu, tawerengani masamba onse ndi zithunzi zomwe, munditumizire nambala pofika Loweruka. Otsala anayi aja, chonde tumizani sabata ino.