Mwera ukundigwetsera antena ku Senga Bay, ndipange bwanji?

Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kawailesi kolankhulirana ka QRP (kamphamvu zochepa) kotulutsa mawati 5 basi, Loweruka ndimakonda kupita nako kumchenga ku Senga Bay kukayesa kulankhula ndi anzathu akunja pa 14 MHz. Antena ndinapanga dipole, waya pafupifupi mamita 5 mbali iliyonse, pakati ndimamangirira pa nsungwi, koma mwera ukangoyamba nsungwi ija imapindika waya nkumagwedezeka, SWR (muyeso wosonyeza mphamvu yobwerera kuwailesi kuchokera ku antena) nkumangokwera nkutsika mpaka ndimaopa kuti ndiwotcha kawailesi. Zikhomo mumchenga wofewa uja sizigwira ata, zimangozuka. Inu mumamanga bwanji? Ena akuti ndingoponya waya mumtengo wamango ikhale end-fed (yolumikizidwa kuwailesi kunsonga imodzi ya waya), kodi pa mawati ochepa chonchi sinditaya mphamvu?

China ndi batire, ndimagwiritsa ya njinga yamoto ya 12V ndi kasola, koma ndikalumikiza kontrola ya sola phokoso limadzaza mpaka masiteshoni ofooka osamvekanso. Pali njira yochepetsera kapena ndizingochotsa solayo pomvera?

Nanga a 7Q anzanga (a kuno ku Malawi, amene mayina athu a pawailesi amayamba ndi 7Q), mukamagwirira panja chonchi pepala la layisensi ya MACRA mumayenda nalo?