Woyamba anabadwa pa opareshoni, kodi wachiwiriyu ndingabereke ndekha?

Mayi wa ku Chaisa, ku Lusaka:

Moni nonse. Ndili ndi pakati pa masabata 30 malinga ndi khadi la kusikelo. Mwana wanga woyamba anabadwa pa opareshoni zaka 3 zapitazo chifukwa anatsogoza matako mpaka tsiku lomaliza. Apongozi akuti munthu akang'ambidwa kamodzi ndiye kuti basi, ana onse azidzabadwa ndi mpeni. Anamwino a pa kiliniki yathu angondiuza kuti ndisadzachirire pomwepo, ndikaonane ndi dokotala ku chipatala chachikulu. Ine ndi bambo a kunyumba timafuna ana 4. Kodi n'zotheka kubereka ndekha? Nanga choopsa kwambiri n'chiti, kuyesa kapena kungopempha opareshoni ina?

Mzamba wa ku leba:

Amayi, zomwe akunena apongozi anu zinali zoona kale, nthawi imene madokotala ankadula chiberekero moimirira chakumtunda. Masiku ano pafupifupi opareshoni zonse amadula mopingasa chakumunsi, pamene mnofu wake sugwira ntchito yaikulu matenda akayamba, ndipo chipsera cha pamenepo chimalimba bwino. Mwa azimayi 4 amene ali ndi chipsera chimodzi choterechi n'kuyesa kubereka okha, pafupifupi atatu zimawayendera. Amene anaberekapo kale okha mwayi wawo umafika 85 mpaka 90 pa 100 alionse.

Funso loyamba lomwe dokotala adzakufunseni ndi lakuti anakuchitirani opareshoni chifukwa chani. Chifukwa chanu n'chabwino: kutsogoza matako ndi nkhani ya mwana uja, osati ya thupi lanu, ndiye ngati uyu watsogoza mutu vutolo palibe. Zimasiyana ndi mayi amene njira inatseguka mpaka masentimita 10, anakankha, koma mutu wa mwana n'kukanika kutsika. Ameneyo mwayi wake umatsika chifukwa mafupa a m'chiuno ndi omwe aja.

Musanamizidwe ndi chipsera cha pakhungu. Pakhungu pakhoza kukhala mopingasa, m'kati anadula moimirira. Kapena pakhungu kuchokera pa mchombo kutsika, m'kati mopingasa bwinobwino. Chofunika ndi cha pa chiberekero, ndipo chimadziwika ndi zimene adokotala analemba tsiku la opareshoni. Funani kapepala kamene anakupatsani potuluka m'chipatala, mupite nako.

Amene sitiwalola kuyesa ndi awa: wodulidwa moimirira kapena ngati chilembo cha T, amene chiberekero chinang'ambikapo, amene anachotsedwa zotupa za m'chiberekero modula mozama, amene nsengwa yatseka khomo la chiberekero, ndi amene mwana wagona chopingasa. Wa zipsera ziwiri, kuno kawirikawiri amangomukonzera tsiku la opareshoni. Mpata nawo ndi wofunika. Kubereka pasanathe miyezi 18 chichitikireni opareshoni kumawonjezera ngozi, koma inu zaka 3 zakwana.

Dokotala wa azimayi:

Ndikugwirizana ndi asisita. Ndiwonjezere za choopsacho, chifukwa ndi chimene mwafunsa.

Chimene timaopa ndi kuphulika kwa chipsera matenda ali m'kati. Zimachitika kwa mayi mmodzi pa azimayi pafupifupi 200 amene matenda awayamba okha. Nambalayi ndi yaing'ono, koma zikachitika mwana amafunika kutulutsidwa m'mphindi zochepa, ndipo mayi amatha kutaya magazi ambiri m'mimba, nthawi zina mpaka kuchotsedwa chiberekero. N'chifukwa chake anamwino anu akukanizani kuchirira pa kiliniki. Sikukuthamangitsani ayi. Pamafunika malo amene ali ndi thiyeta yotsegula usana ndi usiku, wogonetsa anthu, ndi magazi. Mu Lusaka muno muli Women and Newborn Hospital ku University Teaching Hospital (UTH), Levy Mwanawasa, komanso zipatala za Matero, Chipata, Kanyama, Chawama ndi Chilenje zimene zinakwezedwa n'kuyamba kuchita maopareshoni. Kalata yotumizira ya ku kiliniki kwanu ndi imene idzanene koyambira.

Chizindikiro chimene chimayamba kuoneka kawirikawiri si ululu, koma kusintha kwa kagundidwe ka mtima wa mwana. Mayi mwiniwake sangachimve. Ndiye mayi wa chipsera amayenera kulumikizidwa ku makina oyeza kagundidwe ka mtima wa mwana otchedwa CTG matenda akakhwima, ndipo ngati makinawo palibe, mzamba azimvetsera mtima wa mwana pafupipafupi kwambiri, makamaka kupweteka kukangodutsa. Zina zimene mungadzaone nokha n'kuitana msanga: ululu wa pansi pa mchombo wosalekeza ngakhale pakati pa kupweteka kwa matenda, magazi otuluka kumaliseche, mkodzo wa magazi, kupweteka kwa phewa, chizungulire, kapena matenda amene anali amphamvu kungozilala mwadzidzidzi. Chomalizachi chimapusitsa ambiri, amaganiza kuti apumulako.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakweza ngoziyi. Choyamba ndi kuyambitsa matenda ndi mankhwala, kumene kumaichulukitsa kawiri kapena katatu. Mapiritsi a misoprostol sapatsidwa kwa mayi wa chipsera amene mimba yake yakwana masiku, ndipo aliyense wofuna kukupatsani mankhwala a matenda muyambe mwamuuza kuti muli ndi chipsera. Chachiwiri ndi mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo. Mlingo wake palibe amaudziwa, chiberekero chimafinya mosapumira, ndipo pofooka pake ndi pachipserapo. Auzeni apongozi ndi aliyense amene adzakudikirireni, mwaulemu koma momveka, kuti musadzapatsidwe chakumwa chilichonse cha mtundu umenewu.

Tsopano opareshoni yokonzekera. Ubwino wake ndi wakuti chipsera sichikumana ndi matenda, ndiye kuphulika kumakhala kosowa kwambiri. Amaichita pa masabata 39, osati 37 kapena 38, chifukwa mwana wotulutsidwa msanga popanda matenda amavutika kupuma madzi a m'mapapo asanaume. Kuipa kwake ndi bala lotha kulowa mafinya, magazi oundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndi kuchira mochedwa.

Koma kwa inu mfundo yolemera ndi ya ana 4 aja. Opareshoni iliyonse imasiya zomatirira m'mimba, chikhodzodzo chimakakamira pa chiberekero, ndipo yotsatira imakhala yovuta kuposa yapitayo. Choopsa kwambiri ndi nsengwa kumera pa chipsera n'kulowerera mu mnofu wa chiberekero, moti mwana akabadwa imakana kuchoka. Mwa azimayi amene nsengwa yakhala pakhomo la chiberekero, kulowerera kumeneku kumapezeka mwa 11 pa 100 alionse ngati anachitidwapo opareshoni imodzi, ndipo kumalumpha kufika 40 pa 100 ngati anachitidwapo ziwiri. Mukanakhala kuti uyu ndi womaliza, njira ziwirizi zikanangofanana mphamvu. Popeza mukufuna ena awiri, ndipo chifukwa cha opareshoni yoyamba sichibwereza, ine ndingakulimbikitseni kuyesa, bola sikani ionetse kuti nsengwa ili kutali ndi chipsera, mwana watsogoza mutu, ndipo sakuyerekezedwa kupitirira makilogalamu 4.

Wogonetsa odwala ku thiyeta:

Adokotala anena zoona, koma ndiikepo chenjezo limene anthu amalidumpha. Njira zili zitatu, osati ziwiri. Yofewa kwambiri pa thupi ndi kuyesa n'kubereka. Yapakati ndi opareshoni yokonzekera. Yovuta kuposa zonse ndi kuyesa, kulephera, n'kuthamangira ku thiyeta mayi atatopa, nsupa itasweka kalekale. Pamenepo ndi pamene magazi amatayika kwambiri ndipo mabala amaola. Mmodzi mwa anayi aja amathera pamenepa, ndiye wosankha kuyesa akonzekerenso opareshoni mumtima ndi m'chikwama.

Pa ulendo wa masabata 36 funsani mosaopa: usiku thiyeta imagwira ntchito? CTG ilipo ku leba? Matenda akapanda kuyamba pofika masabata 40 kapena 41, tidzatani? Zimene mwagwirizana zilembedwe pa khadi lanu, kuti amene adzakulandireni pa 2 koloko usiku asadzayambe kuganiza za pamutu.

Magazi anu akhale okwanira musanafike tsikulo. Hb, yomwe ndi mlingo wa magazi m'thupi, ikhale 11 kapena kuposa. Imwani mapiritsi a ayironi ndi folic acid tsiku lililonse, osamwera tiyi chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Mayi wa Hb 8 akataya lita imodzi ya magazi ndi nkhani ina poyerekeza ndi wa Hb 12.

Matenda akangoyamba, kapena nsupa ikasweka, nyamukani. Malangizo aja akuti dikirani kunyumba mpaka kupweteka kuthinane si anu. Konzeranitu galimoto ndi ndalama yake. M'mawa ndi madzulo Great North Road ndi Great East Road zimadzaza, ndipo nyengo ya mvula njira za m'makomboni mukuzidziwa nokha. Mukafika adzakuikani singano ya dripu pamkono ndi kutenga magazi oti adziwe gulu lanu. Matenda akakhwima musadye nsima. Funsani azamba ngati mungamwe madzi pang'onopang'ono.

Mukasankha opareshoni yokonzekera: osadya chakudya kwa maola osachepera 6, adzakubayani jakisoni wa pamsana woti muchite dzanzi kuyambira pachifuwa kutsika muli maso, mankhwala opha tizilombo amaperekedwa asanadule, ndipo chubu cha mkodzo chimakhala maola 12 mpaka 24. Dzukani muyende mwamsanga akangokulolani, ndiwo mankhwala a magazi oundana aja. Matenda akakuyambani tsiku lanu lisanakwane, pitani nthawi yomweyo osadikira deti.

Mayi wa ku Chaisa:

Zikomo kwambiri nonse. Vuto ndi lakuti opareshoni ija inachitikira kumudzi ku Eastern Province, ndipo kapepala kanasowa posamuka. Ndiye basi andikaniza?

Dokotala wa azimayi:

Osati msanga choncho. Yambani mwatuma wachibale ku chipatalacho ndi dzina lanu, nambala ya NRC ndi tsiku limene mwana anabadwa. Ku thiyeta amasunga kaundula wa maopareshoni, ndipo mukadali ndi masabata 6 tisanafike pa 36. Khadi la kusikelo ya mwana uja nalo libweretseni, limasonyeza kulemera kwake pobadwa. Zolembazo zikapanda kupezeka, dokotala adzakufunsani mafunso: mimba inali ya miyezi ingati, anakuuzani kuti musadzayesenso kubereka nokha, munaikidwa magazi, bala linatuluka mafinya? Kudula moimirira kumachitika makamaka pa mwana wosakwana masiku kwambiri, wogona chopingasa, kapena pakakhala zotupa kumunsi kwa chiberekero. Ngati wanu anali wokwana masiku ndipo palibe anakuchenjezani potuluka, mpata waukulu ndi wakuti anadula mopingasa, ndipo madokotala ambiri amalola kuyesa. Sikani ya nsengwa ija pemphani ichitike pa masabata 32, musadikire 36.