Khwawa la kuseri kwa msika: tiwake ngalande kapena tilibwezere mitengo?

Wapampando: Moni nonse ana a ku Nkhotakota, amene muli kumudzi kuno ndi a kutali omwe. Nkhani ya khwawa la kuseri kwa msika yafika poti tigwirizane chimodzi. Ndalama tinasonkha chaka chatha zangokhala ku akaunti, pomwe mitengo ya zinthu ikukwera tsiku ndi tsiku. Ena mukuti tiwake ngalande ya simenti kuchokera pa kalavati mpaka kudambo. Mwana wathu Nachisale, amene anaphunzira zokonza malo ndi mitengo, wabwera ndi maganizo ena, ndipo wajambula pulani. Ndamupempha afotokoze yekha.

Nachisale: Zikomo bambo Wapampando, zikomo makolo anga nonse. Ndinayenda khwawa lonse kawiri, kamodzi kukuwala dzuwa, kachiwiri mvula itangokata. Madzi amatuluka pa kalavati ndi mphamvu, amagunda khoma lakumanja n'kumaligumula pang'onopang'ono. Pakona paja pali mango amene mizu yake yatsala panja ngati zala, munthu akhoza kulowa pansi pake. Dothi lathu ndi lamchenga, siligwirana.

Tikawaka simenti kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, madziwo sachepa ayi. Amangothamanga kwambiri chifukwa alibe powagwira, ndipo onse amakafika nthawi imodzi kwa anthu a kumunsi. Ine ndikupempha kuti simenti ndi miyala tiike pokhapo potulukira kalavati, mamita ochepa, kuti madzi aswekere pamenepo. Kutsika apo tisalaze magombe akhale otsetsereka, tidzale mizere ya udzu wa vetiva yopingasa, chifukwa mizu yake imalowa pansi kuposa msinkhu wa munthu ndipo imamanga dothi. Pakati pa khwawa tiike timipanda ta miyala totsatizana, madzi azitsika ngati pa masitepe n'kumasiya mchenga. M'mbali tidzale mikuyu, katope, mbawa ndi nsungwi. Pamwamba pa gombe padutse kanjira ka oyenda pansi, kamlatho pomwe ana asukulu amawolokera, ndi mabenchi pamthunzi. Bulugamu ndiye ayi, amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera kanthu.

aMwale, Johannesburg: Mwana wathu walankhula bwino, koma ine mtima wanga uli pa simenti. Ndalamazi timazipeza movutika kuno, ena timagona anayi m'chipinda chimodzi kuti titumize kangachepe kumudzi. Ndikabwera pa Khirisimasi ndikufuna ndione chinthu choti ndiloze ndi chala kuti ichi tinamanga ndife. Mitengo tadzalapo kangati kwathu kuja? Chaka chilichonse nyengo yodzala ikatsegulidwa pa 15 December anthu amajambulitsa ndi mbande m'manja, ikamatha pa 15 April mbuzi zadya kale theka. Ngalande mbuzi siidya.

aNaphiri, ku Linga: Achimwene a Mwale, ine ndimakhala kumunsi komwe madziwo amathera, ndiye ndiloleni ndinene. Kumbali kwathu kuno kunawakidwa kangalande ka simenti zaka zapitazo. Chaka choyamba tinasangalala. Chachiwiri madzi anakumba pansi pake pothera, simenti inalendewera, kenaka inathyoka. Lero mwadzaza majumbo, mabotolo ndi matewera a ana, ndipo mvula ikagwa usiku sitigona, timakhala tikumvetsera. Tsiku lina ndinadzuka madzi ali m'mawondo m'khitchini, ufa wa kondowole womwe ndinasinja dzulo lake utasanduka phala m'dengu momwemo. Mukawaka ina yaikulu kumtunda, madzi ake mukutumiza pakhomo panga.

aMwale, Johannesburg: Pepani achemwali, zimenezo sindimazidziwa. Koma imeneyo mwina inali ntchito yosalongosoka chabe. Tikapeza mmisiri wabwino?

Nachisale: Amalume, mmisiri wabwino angathe kuwaka yolimba, koma madziwo adzafikabe kwa mayi Naphiri mwa liwiro lomwelo. Taonani Mudi ku Blantyre momwe wakhalira mtsinje wa zinyalala chifukwa tauni inaufinya mbali zonse. Ku Lilongwe, Lingadzi anasefukira mu 2017 n'kulowa m'nyumba ku Mtandire ndi ku Area 47. Koma pomwe Lingadzi yemweyo amadutsa m'nkhalango ya Nature Sanctuary, pakati pa Old Town ndi City Centre, magombe ake ali ndi mitengo ndipo anthu amapitako kukapuma. Mtsinje umafuna malo ake otambasukira.

Mlangizi wa zaumoyo: Ine funso langa ndi la matenda, ndipo ndikulifunsa ndi mtima wonse chifukwa ndimaona ana akudwala sabata iliyonse. Kuno malungo ndi likodzo si nkhani yongomva. Timipanda ta miyala timeneto tikamasunga madzi, sitikuweta udzudzu pakati pa tauni? Nanga nkhono zofalitsa likodzo, zomwe zimakonda madzi odekha okhala ndi zomera? Mukaika mabenchi ndi mthunzi ana adzabwera, ndipo mwana akaona madzi amalowamo basi. Pa chithunzi mwatumizacho ndaonanso kadziwe pafupi ndi kamlatho.

Nachisale: Mwafunsa zoona bambo, ndipo kadziweko ndikuvomera kuti ndikachotse. Ndinakaika chifukwa chokongoletsa, koma kwathu kuno sikoyenera. Timipanda tija sitomata ndi simenti, ndi miyala yosanja yomwe madzi amadutsamo. Cholinga ndi choti madzi achedwe maola ochepa, alowe mumchenga, pakatha masiku awiri pakhale pouma. Dzira la udzudzu limafuna pafupifupi sabata m'madzi kuti likhale udzudzu wouluka. Zomwe zikuweta udzudzu panopa ndi maenje a njerwa ali m'mbali mwa khwawa aja, amasunga madzi mpaka June. Pulaniyi ikuti tiwakwirire. Ndikupemphani mudzayende nane mudzandionetse pena paliponse pomwe mukuona kuti madzi angaime.

Mlangizi wa zaumoyo: Ndidzabwera. Muikemonso chimbudzi ndi nkhuti ya zinyalala, kutali ndi madzi. Popanda zimenezo anthu a kumsika azidzapita kuseri kwa nsungwi zanuzo, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbuka.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, ine khwawa limeneli ndinalidziwa lisanakhale khwawa. Kanali kamtsinje koti mwana amalumpha. Kunali katope mbali zonse, tinkatola zipatso zake pochokera kusukulu milomo n'kuda bii, ndipo amayi ankatunga madzi pa kasupe wa pansi pa mkuyu mpaka mwezi wa October. Mitengo itatha ndi nkhuni ndi mauvuni a njerwa, kasupe anauma, nthaka inayamba kung'ambika. Palibe anachotsapo simenti pamenepo kuti pawonongeke, anachotsapo mitengo.

A Mwale mukufuna choloza ndi chala. Alendo akabwera ku Nkhotakota timawatengera kuti? Timapita nawo pa mkuyu pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863. Nyumba zingati zamangidwa n'kugwa mtengo umenewo uli chiimire? Ine sindidzakhala nawo pa mthunzi wa mbawa zimenezi, zaka zapita, koma dzanja langa ndakweza ku mbali ya mwanayu.

aBanda, msodzi: Ife a kunyanja tionjezepo. Mvula yoyamba ikagwa, madzi a m'khwawamo amafika kudooko ofiira, atasenza mchenga ndi majumbo. Timakoka khoka n'kupeza mapulasitiki ochuluka. Bango ndi gumbwa za kudambo ndi zomwe zinkasefa zonsezi, ndipo tinsomba timabisala momwemo, pitani ku Chia mukaone. Chinanso, mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Chaka chomwecho mu February madzi anavuta ku Dwangwa, msewu wa M5 unaduka. Ndiye chilichonse mungamange kumunsi, muyambe mwafunsa ife pomwe madzi anafika. Zizindikiro zikadalipo pa makoma.

Msungichuma: Ine ndiyankhule za thumba. Ndalama tili nazo sizingakwane ngalande ya khwawa lonse, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ngalande yothera panjira ndi yomwe a Naphiri akudandaula nayo. Pulani ya Nachisale ikutheka chifukwa vetiva tikhoza kupempha kwa alangizi a zaulimi, mbande tifese tokha m'machubu, miyala ndi ya konkuno. Koma mawu a Mwale a mbuzi aja ndi oona ndipo tisawanyalanyaze. Mtengo umafuna mlezi zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba. Ufunika kutchingira, kuthirira m'chilimwe, ndi kuumangira kamtengo kochirikiza, apo ayi mwera ukayamba kuomba mu June udzaugoneka pansi. Ndikupempha tipatule ndalama ya anthu awiri oti azilipidwa mwezi ndi mwezi. Za kudzipereka chabe zimatha ikangotha sabata ya zithunzi.

aNankhoma: Ndakhala ndikuwerenga chete. Aliyense akukamba za mitengo ndi mabenchi, koma pagombe pomwe mwajambula kanjira kanuko pali madimba athu. Ndife amayi asanu ndi awiri, timalima mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi, ndipo fizi ya mwana wanga wa Fomu 3 imachokera pamenepo. Malowo anatipatsa ndi a Nyakwawa, amuna anga asanamwalire. Palibe anabwera kudzatifunsa. Ndaona pa foni ya mwana wanga kuti pa dimba langa pali benchi.

Nachisale: Mayi, ndalakwa ndipo ndikupepesa. Ndinaona madimbawo koma ndinafika masana inu mutaweruka, ndipo ndinayenera kubwereranso. Pulani si mwala, isintha. Kanjira kakhoza kudutsa kumtunda kwa madimba. Chomwe ndingapemphe ndi kamzere ka vetiva ndi mitengo pakati pa dimba ndi madzi, chifukwa khasu likamafika pamlomo penipeni pa khwawa gombe limagumuka, ndipo dimba lomwelo limadyeka chaka ndi chaka.

aNankhoma: Kudyeka likudyekadi, mizere iwiri inapita chaka chatha. Koma kamzere kanuko n'kotambalala bwanji? Mukatenga masitepe khumi ine ndatsala ndi chiyani? Ndipo mthunzi wa mbawa pa tomato sindiufuna.

Nachisale: Kumbali ya madimba tikhoza kuika msangu m'malo mwa mbawa, mthunzi wake ndi wopepuka ndipo masamba ake amanenepetsa nthaka. Za kutambalala sindiyankha pa foni, tikayeze limodzi ndi chingwe inu muli pomwepo.

aMwale, Johannesburg: Ine sindinagonje kwenikweni, koma za a Naphiri zandikhudza. Ngati kamlatho kadzakhale kolimba, ka zitsulo ndi simenti osati ka mapulanga, ndipo malipoti a ndalama aziikidwa pano mwezi uliwonse, ndisonkha nawo za olera mitengo. Anyamata oumba njerwa aja mwalankhula nawo? Mukakwirira maenje awo opanda kuwapatsa chochita adzakumba ena usiku.

Wapampando: Ayi sitinalankhule nawo, ndipo mwatikumbutsa bwino. Malowa ndi a mafumu, choncho tisanakhome chikhomo chilichonse tiyamba kwa a Nyakwawa ndi a Gulupu, iwo atitengere kwa Gogo Chalo Malengachanzi, kenaka kukhonsolo ndi ku ofesi ya zankhalango. Voti ndaiimitsa kaye. Loweruka 7 koloko m'mawa tikumane pa kalavati, tiyende khwawa lonse mpaka kudooko. Nachisale abweretse pulani ndi chingwe choyezera, a Banda mudzationetse pomwe nyanja inafika. Mayi Nankhoma, chonde uzani anzanu onse asanu ndi mmodzi aja.

aNankhoma: Loweruka m'mawa timakhala kumsika ndi ndiwo. Ikani 2 koloko masana, tibwera tonse.