Kodi madamu a pa Zambezi amakhudza bwanji zamoyo za kugombe la Mozambique?

Mphunzitsi wa ku Matero:

Abale, ndimaphunzitsa jogalafe kusekondale muno mu Lusaka, ndipo ndikufuna thandizo ndisanaime pamaso pa ana. Ndinamva kuti ofufuza anapeza kuti madamu a Kariba ndi Cahora Bassa (la ku Mozambique) anachepetsa ma prawn, tizilombo todyedwa ta mtundu wa nkhanu, amene asodzi a ku Mozambique amakola m'nyanja ya mchere. Kodi zimenezi n'zoona? Zingatheke bwanji, popeza Kariba ili pamtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera pamene Zambezi amathira m'nyanja?

Mayi wa ku Chilenje:

Aphunzitsi, nkhaniyi ndi yoona ndipo inafufuzidwa kalekale. Mu 1992 katswiri wa ku Norway, Tor Gammelsrød, anayerekeza kuchuluka kwa ma prawn okoledwa pa Sofala Bank, dera losazama la nyanja kugombe la pakati pa Mozambique, ndi kuchuluka kwa madzi a Zambezi, ndipo anapeza kuti zaka zimene mtsinje unadzaza kwambiri m'dzinja ndizo zimene asodzi anakola zambiri.

Gwero lake lili m'nkhalango za mangrove, mitengo imene imamera m'matope momwe madzi a mtsinje amasakanikirana ndi amchere, kufupi ndi tauni ya Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja. Ma prawn amaswana m'nyanja, koma ana ake amakulira m'timifuleni ta pakati pa mizu ya mitengoyi, pomwe nsomba zazikulu zimalephera kufika. Chigumula chikabwera chimasukulutsa mchere m'timifulenimo, ndipo ana aja amatsikira kunyanja atakula kale. Kariba itamalizidwa mu 1959 ndi Cahora Bassa mu 1974, madzi a dzinja anayamba kusungidwa kuti azitulutsidwa pang'onopang'ono chaka chonse popanga magetsi, choncho mtsinje suthanso kudzaza ndi kuphwa motsatira nyengo monga kale. Dothi limene Luangwa amakokolola kuno kwathu nalonso limatsakamira m'damu la Cahora Bassa m'malo mokafika kugombe, kumene likanakadyetsa mitengoyo ndi kubwezeretsa mtunda umene mafunde amagumula. Mwa mitsinje ikuluikulu yothira mu Zambezi, Shire ndiye amalowa kumunsi kwa madamu onse awiri.

Bambo wa ku Kabwata:

Amayi mwafotokoza bwino, koma ndikupempha aphunzitsi kuti asasenzetse madamu mlandu wonse. Kugombe komweko kuli zombo zokoka makoka pansi pa nyanja, zimene zimakola nsomba zazing'ono zambirimbiri pamodzi ndi ma prawn. Kuli anthu osauka amene amaphera m'timifuleni ndi maukonde a udzudzu, khalidwe limene tikulidziwa ngakhale ku Mweru ndi ku Bangweulu, ndipo kuli odula mangrove kuti apeze makala ndi milimo yomangira nyumba. Wofufuza akaona kuti nsomba zachepa, ntchito yake yovuta ndi kulekanitsa zifukwa zimenezi, chifukwa zonse zinakula m'zaka zomwezo. Kuyenderana kwa madzi ndi ma prawn ndi umboni wamphamvu, komabe sikutiuza kuti mwa ma prawn amene anasowa, angati anasowa chifukwa cha damu ndipo angati chifukwa cha khoka.

Mphunzitsi wa ku Matero:

Zikomo nonse awiri. Nanga ofufuzawo akuti pachitike chiyani, popeza madamu sangagwetsedwe?

Mayi wa ku Chilenje:

Akatswiri angapo akhala akupempha kuti Cahora Bassa izitsegula zipata zake kwa milungu ingapo m'dzinja kuti pakhale chigumula chochita kukonza, choyezedwa bwino, chimene chingathandize ma prawn komanso madambo a Marromeu, kufupi ndi mathiriro a Zambezi, kumene kuli njati ndi mbalame zam'madzi. Chovuta chake ife a mu Lusaka sitifunika kuchita kuuzidwa. Mu 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ogaya chimanga ndi owotcherera zitsulo ku Kalingalinga n'kumagwira ntchito pakati pa usiku magetsi akayaka. Madzi otulukira pazipata sadutsa m'makina, ndiye kuti sapanga magetsi, ndipo pa chaka chotere palibe boma limene lingavomere kuwataya chifukwa cha asodzi a kugombe. Ine ndimaona kuti zaka za mvula yambiri zingathe kupereka mpata umenewu, ngati maiko a mumtsinjewu atagwirizana nthawi yotsegulira zipata.

Mnyamata wa ku Chelstone:

Aphunzitsi, muwauzenso ana kuti madzi a m'ngalande za kumpoto kwa mzinda uno amalowa mu Ngwerere, Ngwerere amathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amathira mu Zambezi kumunsi kwa Kariba, pamodzi ndi zinyalala zapulasitiki ndi zonyansa zimene anatola m'njira. Mukawajambulira mapu a njira imeneyi pabolodi, kuyambira ku komboni ya Garden mpaka ku Chinde, phunziro la gombe lidzawalowa msanga.