Switch ikusewera m'manja, koma pa TV palibe chithunzi

Wa ku Limbe: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Dzulo kasitomala wandibweretsera Nintendo Switch, kachipangizo kosewerera magemu, yoyamba ija ya 2017, kuti ndiikonze. M'manja ikusewera bwinobwino, batire ikulowa moto, koma ndikaikhazika mu dock, kabokosi koilumikizira ku TV, TV ikungoti bii. Chingwe cha HDMI ndasintha kawiri. Ndisanayatse hoti eya, makina a mpweya wotentha ochotsera machip pa bolodi, ndiyambire pati?

Wa ku Ndirande: Achimwene, mwalumikiza chaja yanji ku dock? Yake yeniyeni imatulutsa 15V pa 2.6A. Ya foni ya 5V imatha kudzaza batire pang'onopang'ono, koma chithunzi sichingatuluke.

Wa ku Limbe: Ndi ya foni ndithu. Yake akuti inapsa tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu.

Mayi wa ku Chilomoni: Apo ndiye poyambira. Ambiri amaganiza kuti mphamvu ya masewera ili mu dock, chonsecho m'menemo muli kabolodi kongodutsitsa moto ndi chithunzi basi. Ubongo wonse, chip ya Tegra X1 ya kampani ya Nvidia, uli m'kachipangizo komweko. Kakakhala m'manja, amakachepetsa liwiro dala kuti batire ya 4310mAh isathe msanga, popeza sikirini yake ndi ya 720p. Mu dock GPU, gawo lopanga zithunzi, imakwera liwiro kufika 768MHz kuti ikwanitse 1080p, ndiye iyenera kudya kuchokera kukhoma uku ikutchajanso batire. Ine kapangidwe kameneka ndimakasirira, koma chofooka chake n'chakuti moto ndi chithunzi zonse zimadutsa pa poti imodzi ya USB-C. Ana amaisomeka mokakamiza, tiziphazi tam'kati n'kupindika.

Wophunzira wa ku Bangwe: Pepani akulu, ndifunseko. Nanga Switch 2 ija inatuluka mu June 2025, nayonso idzativuta chonchi?

Wa ku Ndirande: Iwe mphwanga, sinafike pa benchi panga, koma taganiza. Chaja yake ndi ya 60W, mu dock aikamo fani, ndipo pa TV imafika 4K. Chinthu chofuna fani yachiwiri ndiye kuti chimatentha. Ndi fumbi la mu Okutobala kunoku, ine ndikuona kuti ntchito yathu yoyamba idzakhala yopukuta mafani ndi kusintha thermal paste, phala lothandiza chip kutaya kutentha.

Wa ku Limbe: Ndabwereka chaja yeniyeni kwa mnzanga pa msika pano. TV idakali yakuda.

Mayi wa ku Chilomoni: Ndiye tsegulani, achimwene. Yambani mwayang'ana poti ndi galasi lokulitsa. Ikakhala bwino, ikani mita pa beep kuti izilira ikapeza shoti, muyeze makapasita ozungulira chip ya M92T36, kenako mutembenuze bolodi muyezenso a pafupi ndi chip ya P13USB. Woyambayo amakambirana ndi chaja za moto, wachiwiriyo ndiye amatumiza chithunzi ku dock. Chonde chotsani batire kaye.

Wa ku Limbe: Mayi, mwalasa. Poti ili bwino, koma kapasita wa pafupi ndi P13USB akulira mbali zonse ziwiri. Nditachotsa chip, shoti yatha. Ndili ndi bolodi ina yakufa ndi madzi, ndichotsapo yake mawa m'mawa.

Wa ku Ndirande: Tepi yosapsa muphimbe nayo mapulasitiki oyandikira, ndipo moto wa hoti eya usachuluke. Kasitomalayo musamubwezere asanagule chaja ya 15V, apo ayi sabata yamawa abweranso akunena kuti simunakonze.