Zowonjezera pa funso la tchizi ndi vinyo wofiira

Mayi amene munafunsa chifukwa chake vinyo wofiira amawawa mukamadyera tchizi wofewa wa Brie, vuto lake ndi tanini, chinthu chowawa chochokera m'makoko ndi nthangala za mphesa. Vinyo wofiira wa Cabernet Sauvignon ali naye wambiri, ndipo akakumana ndi tchizi wofewa amasiya kakomedwe konga kachitsulo m'kamwa. Vinyo ameneyu muzimwera tchizi wolimba wa Cheddar wokhalitsa, chifukwa mafuta ndi mchere wake zimachepetsa kuwawako. Brie amayenda bwino ndi vinyo woyera wosatsekemera.

Tinaiwalanso kunena kuti tchizi azituluka m'firiji mphindi 30 asanadyedwe. M'nyengo yozizira ya kuno ku Mzuzu, mu June ndi July, mudikire ola lathunthu, apo ayi fungo lake silimveka. Magalamu 30 pa munthu akwanira.

Okonda mowa, tchizi wa Gouda amagwirizana ndi Kuche Kuche wozizira bwino.