Mwana wanga ali ku yunivesite ku America, kodi sukulu ingamuteteze a ICE akabwera?

NaBanda_waMatawale:
Moni nonse, pepani ndalemba usiku chonchi koma tulo palibe. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, anamaliza digiri pa Chanco kenako anapeza sikolashipu ya masters ku America, pano ali chaka chachiwiri. Dzulo timacheza pa WhatsApp ndiye wangondiuza mongodutsa kuti sukulu yawo yatumiza imelo kwa ophunzira onse ochokera kunja, akuti aziyenda ndi mapepala awo ndipo awapatsa nambala yoimba akaona a ICE, apolisi a imigileshoni a kumeneko, pa kampasi. Iye amaseka akuti amayi musadandaule koma ine mtima suli m'malo, mavidiyo amene ndimaona pa Facebook aja anthu akukokedwa ndi amuna obisa nkhope. Ine ndimadziwa kuti pasukulu apolisi salowa chisawawa, nanga kumeneko yunivesite ili ndi mphamvu yoletsa anthu amenewa kutenga mwana wa eni? China, mng'ono wake ali ndi chinkhoswe mu Ogasiti ndipo tinagwirizana kuti abwera, tikiti tinayamba kale kusonkha. Amene mukudziwa ndithandizeni chonde.

Mphunzitsi_Chirunga:
Mayi pepani ndi nkhawayo. Ine PhD ndinapangira komweko ndiye ndikuuzani mmene zilili osakunyengererani. Kuletsa sangaletse. ICE ndi ya boma lalikulu la ku Washington, pansi pa unduna wa Homeland Security, ndiye mkulu wa yunivesite sangaime pa geti ngati a nyakwawa nkunena kuti m'mudzi mwanga simulowa. Kale kunali ndondomeko, kuyambira 2011, yoti asamagwire anthu m'masukulu, m'zipatala ndi m'matchalitchi pokhapokha pakhale chifukwa chachikulu, koma a Trump atangobwerera pampando mu Januwale 2025 anaichotsa.

Zimene sukulu ingachite zilipo, zochepa koma sizachabe. Malo oti aliyense amayenda, monga panja kapena poimika galimoto, a ICE amafika ngati wina aliyense. Koma chipinda cha ku hositelo, labu yokhoma, ofesi yolowa ndi khadi, amenewo ndi malo a eni, amafunika waranti yosainidwa ndi jaji wa khoti. Apa ndi pamene anthu amapusitsidwa, chifukwa a ICE ali ndi pepala lawolawo lomwe nalonso amalitcha waranti koma wasaina ndi bwana wawo wa mu ofesi, limenelo silikakamiza munthu kutsegula chitseko. Nambala imene wapatsidwayo nthawi zambiri imakafika kwa apolisi a pa kampasi kapena maloya a sukulu kuti abwere adzaliwerenge pepalalo, m'malo moti mlonda kapena sekilitale atsegule chifukwa cha mantha.

Pali lamulo lina la 1974 lotchedwa FERPA loletsa sukulu kungogawa mafayilo a ophunzira. Koma musalidalire kwambiri kwa mwana wa viza ya ophunzira ya F-1, chifukwa sukulu yomweyo ndi imene imalemba zonse za iye mu kompyuta ya boma yotchedwa SEVIS, komwe akukhala, kozi yake, ngati akadali m'kalasi. Amene amalemba ndi munthu wa ku ofesi ya ophunzira akunja, amati DSO, yemweyo amene amasaina fomu ya I-20, pepala losonyeza kuti sukulu inamuvomera ngati wophunzira wake. Ndiye mumuuze mwanayo zitatu izi asaseweretse. Maganyu a pa kampasi asapyole maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo ntchito ya kunja kwa kampasi popanda chilolezo ayi ndithu, ngakhale kuluka tsitsi kolandira ndalama pamanja kuja ana athu amakonda. Asasiye kozi ina DSO asanavomere. Akasamuka nyumba anene pasanathe masiku 10. Ambiri amagwa pa tinthu ngati timeneti osati pa zazikulu.

Chikanda_Boy:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma ine sukulu sindiikhulupirira, ndi bizinesi basi imafuna fizi. Nanga mtsikana wa ku Turkey uja Rümeysa Öztürk wa ku Tufts, mapepala ake anali bwinobwino koma mu Malichi 2025 anamugwira pamsewu ku Somerville anthu ovala wamba, mpaka kukamutsekera ku Louisiana kutali, chifukwa cha nkhani imene analemba nawo mu nyuzi ya pasukulu yokhudza Gaza. Mahmoud Khalil wa ku Columbia anali ndi green card yeniyeni, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, koma anamutengera pa nyumba ya yunivesite yomweyo. Ndiye chitetezo chake chili pati apa

Mphunzitsi_Chirunga:
Achimwene simukunama, ndi chifukwa chake ndayamba ndi mawu oti kuletsa sangaletse. Koma malizani nkhaniyo. Öztürk anatuluka mu Meyi jaji atalamula, ndipo Tufts inalemba chikalata ku khoti chomuikira kumbuyo. Mu Epulo chaka chomwecho boma linafufuta ophunzira masauzande mu SEVIS, ena pa milandu yapamsewu kapena milandu yoti khoti linaithetsa kale, ambiri sanauzidwe nkomwe, anadziwa chifukwa ma DSO amatsegula kompyuta tsiku ndi tsiku kuona ngati ana awo akadalimo. Atasumira m'makhoti boma linabweza kumapeto kwa mwezi womwewo. Harvard nayo boma litafuna kuilanda chilolezo cholembera ophunzira akunja mu Meyi inathamangira ku khoti jaji nkuimitsa. Ntchito ya sukulu yabwino ndi imeneyo, kudziwa msanga ndi kupeza loya msanga. Vuto ndi loti si sukulu zonse zili ndi thumba la Harvard, ndipo zina za boma monga ku Florida apolisi a pa kampasi anachita kusainirana mgwirizano ndi ICE kuti azithandizana. Ndiye Mayi mutiuze ali state iti.

WaKuSadzi_ndiliKunja:
Amayi ine ndikulemba ndili konkuno, ndimagwira ntchito mu labu pa yunivesite ina pa viza ya antchito ya H-1B, kwathu ndi ku Sadzi kuseri kwa msika. Ife antchito zathu ndi zowawanso mwina kuposa ana a sukulu, viza yamangiriridwa ku ntchito, ndalama ya kafukufuku ikatha umapatsidwa masiku osapitirira 60 kuti upeze kwina apo ayi longedza.

Koma ndabwerera za chinkhoswezo. Chonde tikiti musagule kaye. Mu Ogasiti 2025 anayamba ndi ife ndi a Zambia pa nkhani ya chikole ija, madola 5,000 mpaka 15,000 pa viza yokacheza, imeneyo ophunzira siinawakhudze. Koma mu Disembala anaika Malawi pa mndandanda wa mayiko oimitsidwa ma viza ena kuyambira 1 Januwale 2026, ndipo ya F ya ophunzira ija ili momwemo. Amene ali mkati kale sanathamangitsidwe. Chimene anthu samvetsa ndi ichi, chidindo cha viza cha mu pasipoti ndi kiyi wolowera basi, chikhoza kutha uli mkati iwe nkumaphunzirabe mwalamulo bola I-20 ili moyo, koma ukangotuluka ndi chidindo chakutha uyenera kukapempha china ku Lilongwe, ndiye apo ndi pamene mwana angakakamire kumudzi digiri itatsala miyezi. Aone deti lake kenako akakhale pansi ndi DSO asanaganize za ndege. Ine maliro a agogo anga ndinaonera pa foni, zimapweteka koma ndi mmene zilili.

Komanso akutumizireni zithunzi za pasipoti, I-20 ndi I-94 (pepala losonyeza kuti analowa mwalamulo), musunge inuyo ndi munthu wina mmodzi wa konkuno. Nambala ya loya ailoweze pamtima chifukwa foni amalanda. Atagwidwa ali ndi ufulu wokhala chete, asaname, asasaine pepala lililonse loya asanalione, ndipo apemphe kuti adziwitse ofesi ya kazembe wathu ku Washington.

Mai_aTadala:
Ine ndingodutsa. Tikamamva za ana athu zimatiwawa eti, koma 2023 uja Maburundi ndi Manyarwanda ankakwezedwa m'malole ku Lilongwe kubwezedwa ku Dzaleka, ena ana awo ali pasukulu, ambirife tinkaombera m'manja kuti mashopu atsala athu. NaBanda limbani mtima, ndikupemphererani.

NaBanda_waMatawale:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Aphunzitsi, ali ku Michigan. Ndamuimbira mmawa uno ndisanapite ku msika, chidindo chija akuti chikutha mu Juni, ndipo wavomera yekha kuti Loweruka amaluka anthu tsitsi kunyumba kwake, ndamukalipira mpaka ma yuniti kutha. Wapangana ndi DSO wake Lachinayi. Tsopano chatsala ndi kukawauza malume ake ku Domasi kuti ku chinkhoswe mwina sabwera, iwo anagulitsa kale mbuzi ziwiri za tikiti.